KEYALA SI NYUMBA: TIPHUNZIRE KUSUNGA ZINTHU M'KOMPYUTA

Akuluakulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu unanenedwa kompyuta isanabwere, komabe ine ndikuona kuti ndi phunziro loyamba kwa aliyense wogwira ntchito pa makinawa. Zimene mukuziona pa sikirini pamene mukulemba ndi fodya wa pachala. Zili m'chigawo cha kompyuta chotchedwa memory kapena RAM, ndipo chigawo chimenechi chimakumbukira pokhapokha magetsi alipo. Akangothima, zonse zapita ndi mphepo. Chanu chenicheni ndi chokhacho chimene chalembedwa m'fayilo, ndipo chalembedwa mwa njira yoti mawa chikawerengeke.

Masiku ano makompyuta afika m'maseminale, m'maparishi ndi m'masukulu ambiri. Koma ambiri a ife tikamati "ndimadziwa kompyuta" timangotanthauza kuti timatha kutayipa kalata ndi kutsegula Facebook. Maganizo anga ndi akuti zimenezi n'zosakwanira. Mnyamata amene wayamba kulemba mapulogalamu ayenera kuphunzitsidwa zinthu ziwiri zimene ambiri amazithawa poti n'zowawitsa mutu: kasungidwe ka zinthu m'fayilo, ndi kafufuzidwe ka zolakwika za chinthu chotchedwa pointer. Ndikudziwa kuti makolo ena ndi abambo ansembe ena sanamvepo mawu amenewa. Chonde musatsegule tsamba lina. Ndiyesetsa kufotokoza m'chinenero chathu, ndipo muona kuti nkhaniyi ikukhudza ngakhale kalata ya ubatizo ya mwana wanu.

POINTER N'CHIYANI?

Kwathu ndi ku Phalombe, kufupi ndi mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Pampata pamenepa m'chaka cha 1893 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linamanga linga la asilikali n'kulitcha Fort Lister, potengera dzina la Sir Villiers Lister wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Cholinga chake chinali kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu popita nawo kunyanja ya mchere cha ku Quelimane. Lingalo silinakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linasiyidwa, ndipo lero pangotsala mabwinja ndi manda.

Tsono tiyerekeze kuti munthu watola pepala lakale lolembedwa kuti, "Ukafuna mkulu wa asilikali, pita ku Fort Lister." Dzinalo pa mapu lilipo, njira yopita kumeneko iliponso. Munthuyo adzakwera chitunda, adzafika, koma adzapeza udzu ndi zipupa zakugwa. Keyala ilipo, mwini keyala palibe. Pepala lija silinasunge mkulu wa asilikali ayi, linangosunga malo amene iye ankakhala pa nthawi imeneyo.

Pointer ndi pepala lotere. Memory ya kompyuta ili ngati mzere wautali wa tizipinda, kalikonse kali ndi nambala yake. Kachipinda kamodzi kamasunga byte imodzi, imene imakwanira chilembo chimodzi ngati A. Pointer sisunga chinthu chenichenicho, imasunga nambala ya kachipinda kamene chinthucho chayambira. Ndi keyala basi. M'chinenero cha mapulogalamu chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie anachikonza ku Bell Labs ku America cha m'ma 1972, wolemba pulogalamu amagwira makeyala amenewa ndi manja ake. Amapempha malo ndi lamulo lotchedwa malloc, ndipo akathana nawo amawabweza ndi lamulo lotchedwa free.

PAMENE AMBIRI AMAGWA

Tinene kuti wophunzira walemba pulogalamu yosunga mayina ndi malikisi a anzake a m'kalasi. Mwana aliyense ali ndi kabokosi kake: muli malikisi, muli pointer yoloza kumene kuli dzina lake, mulinso pointer yoloza kabokosi ka mwana wotsatira. Timabokosito talumikizana ngati mikanda pa ulusi. Nthawi yosunga ikakwana, njira yachidule imene imakopa aliyense ndi kungouza kompyuta kuti itenge kabokosi kalikonse monga kaliri n'kukakhuthulira m'fayilo. M'chinenero cha C lamulo limodzi lotchedwa fwrite limachita zimenezi mosavuta.

Choopsa n'chakuti akayesa kuwerenga fayiloyo nthawi yomweyo, pulogalamu isanatsekedwe, zonse zimaoneka bwino. Mayina amatuluka, malikisi amatuluka, chifukwa makeyala aja akulozabe m'zipinda zimene muli eni ake. Wophunzira amaomba m'manja n'kupita kukadya nsima. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mawa lake akayatsa kompyuta, pulogalamu imapatsidwa malo ena m'memory. Makompyuta a masiku ano amachita kusintha dala malo amenewa nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, pofuna kusokoneza akuba. Makeyala a dzulo tsopano akuloza ku mabwinja. Mayina sanalowe n'komwe m'fayilo. Chimene chinalowa ndi nambala ya ma byte 8, kapena 4 pa makina akale, yonena kumene dzina linali dzulo.

Apa pangachitike zinthu ziwiri. Mwina pulogalamu ifera pomwepo n'kulemba uthenga woti segmentation fault, kutanthauza kuti yagwira chitseko cha chipinda chimene si chake. Amenewo ndi mwayi, chifukwa aliyense waona kuti zalakwika. Tsoka ndi pamene keyala yakaleyo yapezeka kuti ikuloza m'chipinda chimene muli chinthu china. Pamenepo pulogalamu imawerenga zimene yapezazo n'kuzipereka ngati zoona, popanda kudandaula.

Njira yoyenera ndi yaitali pang'ono koma si yovuta. Poyamba, mwana aliyense apatsidwe nambala yake yosasintha. Kachiwiri, pamwamba pa fayilo palembedwe kuti muli ana angati, ndiponso kuti fayiloyi yalembedwa motsata dongosolo liti, kuti pulogalamu ikadzasinthidwa chaka chamawa idzadziwe kawerengedwe ka mafayilo akale. Kachitatu, chinthu chilichonse chilembedwe chokha: nambala ya mwana, zilembo zenizeni za dzina lake, malikisi ake. Ngati pali ubale pakati pa ana awiri, palembedwe nambala ya mnzakeyo, osati keyala ya m'memory. Powerenga, pulogalamu ipemphe malo atsopano, iikemo zinthuzo, kenaka ilumikize mikanda ija mwatsopano potsata manambala. Ine ndimakonda fayilo ya mawu wamba, monga ya mtundu wa CSV kapena JSON, chifukwa munthu angaitsegule n'kuiwerenga ndi maso ngakhale pulogalamu imene inailemba itatayika.

Palinso nzeru ina yofunika kwambiri kuno kwathu kumene magetsi amathima mosatsazika. Osalemba pamwamba pa fayilo yakale. Lembani fayilo yatsopano pambali, muitseke bwinobwino, kenaka muipatse dzina la yakale ija. Magetsi akathima muli pakati polemba, yakale idzakhala ilipo yathunthu. Munthu sagwetsa nkhokwe yakale asanamange yatsopano.

MPINGO UNAZIDZIWA KALE

Wina angadabwe kuti mwana wa ku seminale zimenezi akuzitengera kuti. Koma taonani buku la ubatizo la ku parishi kwanu. Kuyambira pa msonkhano wa ku Trent m'chaka cha 1563, maparishi analamulidwa kusunga mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Lamulo la Mpingo nambala 535 likunenabe kuti parishi iliyonse ikhale ndi mabuku a ubatizo, ukwati ndi omwalira, kuti asungidwe mosamala, ndiponso kuti munthu akalandira ulimbitso, ukwati kapena unsembe, zimenezi zilembedwe pa mzere wake m'buku la ubatizo. Tonsefe polowa kuno tinafunsidwa kalata ya ubatizo. Bambo mfumu sanalembe kuti "mwana wa mayi amene amakhala benchi yachitatu." Analemba dzina, tsiku, makolo ndi nambala ya m'buku. Mayi angasinthe benchi, angasamuke mudzi, koma nambala ya m'buku idzakhala yomweyo. Amene analemba mabukuwa ankadziwa kusiyanitsa munthu ndi malo ake kompyuta isanaganizidwe n'komwe.

Ife a ku Phalombe tikudziwa bwino kuti malo amasintha. M'mwezi wa Marichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi ku Nkhulambe ndi madera ena, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Munthu amene ankadziwika kuti ndi "wa nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo" mungampeze bwanji mjigowo utakwiririka ndi miyala? N'chifukwa chake chiphaso cha unzika, chimene boma linalembera anthu pafupifupi 9 miliyoni m'chaka cha 2017, chimampatsa munthu nambala imene imamtsata kulikonse. Pa Fort Lister pomwepo pali manda a Gilbert Stevenson, m'bale wake wa mlembi Robert Louis Stevenson, ndipo dzina lake likudziwikabe chifukwa linalembedwa. Koma makolo athu amene anadutsa pampatapo ali ndi magoli m'khosi, palibe anawalemba mayina, ndipo lero sitingathe kutchula mmodzimmodzi. Chosalembedwa chimatayika. Cholembedwa molakwika chimatayikanso, kungoti mwini wake amagona tulo poganiza kuti chilipo.

Tsiku likubwera, ndipo m'malo ena lafika kale, pamene mabuku a parishi, malikisi a sukulu ndi mayina a olandira chithandizo adzakhala m'kompyuta. Adzalemba kapena kuyang'anira mapulogalamu amenewa ndi ife amene tili mu Fomu 3 lero. Ngati sitikudziwa kusiyana kwa keyala ndi nyumba, tidzataya mayina a anthu.

ZOLAKWIKA ZITATU ZA POINTER

Kupatula nkhani ya fayilo, pointer imalakwika m'njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito pointer imene sikuloza kulikonse. Mwachitsanzo, pulogalamu ikapempha kutsegula fayilo imene palibe, kompyuta imabweza chizindikiro chotchedwa NULL, kutanthauza kuti "palibe." Wolemba wosasamala safunsa, amangopitiriza ngati wapatsidwa keyala. Safunsa anadya phula. Katswiri wa ku England, Tony Hoare, amene anabweretsa chizindikiro chotere m'chinenero china cha mapulogalamu mu 1965, ananena yekha mu 2009 kuti chawonongetsa ndalama zokwana madola biliyoni.

Yachiwiri ndi kubweza malo ndi free koma n'kumapitabe kumeneko ndi keyala yakale. Zili ngati munthu amene wasamuka m'nyumba ya lendi koma kiyi sanabweze, ndipo usiku akulowabe kukaika katundu wake pamene mukugona anthu ena.

Yachitatu ndi kulima mopyola malire. Tinene kuti wolemba anasungira dzina tizipinda 10. Kwabwera mwana dzina lake Chiyembekezo. Dzinali lili ndi zilembo 12, ndipo C imafuna kachipinda kenanso kamodzi ka chizindikiro chonena kuti mawu athera apa, zonse pamodzi 13. Chinenero cha C sichiletsa. Tizipinda titatu totsalato timatengedwa m'munda wa mnansi, ndipo ngati mnansiyo anali malikisi a masamu, asintha popanda wowakhudza. Ndiponso chilembo chathu cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chimadya ma byte awiri m'kalembedwe ka UTF-8, pamene w wamba amadya imodzi. Wolemba pulogalamu ali ku London sangaganize za chilembo chimenechi. Woyenera kuchiganizira ndi ife.

Musaganize kuti amalakwitsa zotere ndi ana a sukulu okha. Mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti mwa zibowo 100 zilizonse za chitetezo zimene imatseka chaka ndi chaka, pafupifupi 70 zimachokera ku kagwiritsidwe kolakwika ka memory. Pa 19 Julayi 2024 pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike inayesa kuwerenga chinthu cha nambala 21 pa mndandanda umene unali ndi zinthu 20 zokha. Makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anaima, ndege zinalephera kunyamuka, ntchito m'zipatala ndi m'mabanki inasokonekera m'maiko ambiri. Phazi limodzi lokha kupyola malire, dziko linagwedezeka.

KUFUFUZA CHOLAKWIKA

Chovuta ndi zolakwika za pointer n'chakuti pamene pulogalamu yafera si pamene panayambira vuto. Mvula imagwa pamwamba pa phiri, koma nyumba zimagwa kuchigwa. Ndaona anzanga pulogalamu ikafa akuthamangira kunena kuti kompyuta ili ndi vayirasi, kapena kuti makinawa ndi okalamba. Ena amayamba kusintha mizere mwachisawawa, apa pang'ono apo pang'ono, mpaka uthenga woipa uja utasiya kuoneka. Kumeneko ndi kuphimba bala ndi nsalu mafinya ali m'kati.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba, pezani njira yoti vutolo lizichitika nthawi iliyonse mukalifuna, chifukwa nyama imene simukudziwa njira yake simungaitchere msampha. Chachiwiri, chepetsani. Yesani ndi mwana mmodzi yekha, kenaka awiri, kenaka fayilo yopanda kanthu, kenaka dzina lalitali kwambiri. Chachitatu, tengani pepala ndi pensulo, jambulani timabokosi ndi mivi yoloza, n'kutsata mzere uliwonse wa pulogalamu mukufufuta ndi kujambulanso miviyo. Muvi umene wathera m'malere ndiye wakubayo. Chachinayi, gwiritsani ntchito zida zimene akatswiri anatipatsa zaulere. Chida chotchedwa gdb chimaimitsa pulogalamu pamene yafera n'kukuonetsani njira imene inadzera. Chida chotchedwa Valgrind chimakuuzani mzere weniweni umene mwalemba kunja kwa malire kapena mwalowa m'nyumba imene munabweza kale. Chachisanu, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kulemba m'kope chimene mwasintha. Zikakanikabe, fotokozerani mnzanu mzere ndi mzere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kawirikawiri cholakwika chimaonekera uli pakati pofotokoza.

Ndipo mayeso enieni a fayilo ndi awa: tsekani pulogalamu, thimitsani kompyuta, tengani fayiloyo pa fulashi, mukaitsegule pa kompyuta ina. Ikawerengeka kumeneko, fodya wafika pamphuno.

ENA ANGATSUTSE

Wina anganene kuti zinenero zatsopano monga Python ndi Java zimasamala memory zokha, nanga tivutikirenji? N'zoona, ndipo pulogalamu ya mabuku a parishi ine sindingalangize kuti ilembedwe mu C. Pali zida zoyesedwa kale monga SQLite, imene yakhalapo kuyambira chaka cha 2000 ndipo ili m'mafoni athu onse a Android. Koma Python yomwe ambiri amagwiritsa ntchito inalembedwa mu C, SQLite inalembedwanso mu C. Ndiponso ngakhale mu Python mayina awiri angaloze chinthu chimodzi, n'kupezeka kuti posintha malikisi a mwana mmodzi mwasintha a awiri. Woyendetsa galimoto ku Phalombe, kutali ndi galaja, ndi bwino adziwe zimene zili pansi pa boneti.

Wina anganene kuti masiku ano pali mapulogalamu a nzeru zopanga amene amalembera munthu pulogalamu yonse. Alipodi, koma nawonso amalakwitsa, ndipo amalakwitsa molimba mtima. Amene sadziwa pointer adzalandira nkuyu uja osaung'amba.

Winanso anganene kuti wansembe safunika zimenezi. Koma tonse tikudziwa kuti si onse olowa ku seminale yaing'ono amene amafika pa unsembe. Ena adzakhala aphunzitsi, ena makalaliki a boma, ena a zachipatala. Ndipo amene adzakhale bambo mfumu ndi amene adzasayine kuti mabuku a parishi aikidwe m'kompyuta. Ayenera kudziwa funso loti afunse.

PEMPHO LANGA

Kwa inu anzanga, tisathawe phunziro chifukwa chakuti ndi lowawa. Ngati makompyuta ndi ochepa, pepala ndi pensulo zilipo, ndipo theka la ntchito imeneyi limachitika pa pepala.

Kwa aphunzitsi athu, ndikupempha kuti pochonga pulogalamu musakhutire ndi zimene zaoneka pa sikirini tsiku lomwelo. Tiuzeni tithimitse, tibwere mawa, titsegule fayilo pa makina ena. Mutipatsenso mapulogalamu owonongeka kuti tiwakonze, chifukwa kukonza kumaphunzitsa kuposa kukopera pa bolodi.

Kwa inu abambo athu ansembe, munthu akabwera ndi pulogalamu yosungira mabuku a parishi, mufunseni mafunso atatu. Kodi mkhristu aliyense ali ndi nambala yake yosasintha, yogwirizana ndi ya m'buku? Kodi kompyuta iyi itafa lero, fayilo ingatsegulidwe pa ina popanda inu? Kodi kope lachiwiri likusungidwa kuti, ndipo linayesedwa liti? Akalephera kuyankha, musampatse buku. Akayankha bwino, mpatseni akopere, koma bukulo libwerere m'kabati, ndipo kope la fayilo lisungidwe kutali ndi parishi, kumene madzi amodzi sangatenge zonse ziwiri.

Kwa inu makolo, mwana wanu akakhala maola awiri akujambula timabokosi ndi mivi pa holide, musati akusewera. Akuphunzira kusunga dzina lanu.

Ine ndine mwana, ndipo akuluakulu odziwa zambiri angandiwongole. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.